Miyala ya m'Miphika ya Maluwa

Mutu 6

1. Malangizo a pakabaza

Tsiku limene bambo ake ankapita kukagonekedwa kuchipatala, Lestina ankayembekezera mawu amodzi okha. Mayeso a JCE anali atatsala milungu itatu. Iye ankati bambo akewo amuuza kuti awerenge mwamphamvu. Koma Bambo Namathanga, dzanja litatupa ngati papaya, anakamba za maluwa.

Bambowa anali wosamalira maluwa kunyumba ya manijala wa esiteti ya tiyi. Ntchitoyi anaigwira zaka makumi awiri. Nyumba ya zipinda ziwiri imene banja lawo linkakhalamo kukompaundi inali ya kampani, ndipo lamulo lake aliyense ankalidziwa: ntchito ikatha, nyumbanso umatulukamo. Amayi ake a Lestina ankatchola tiyi, koma nyengo yotchola inali itatha ndipo kampani inali itawaimitsa limodzi ndi anzawo. Denga lonse tsopano linkadalira dzanja lotupalo.

Dzanjalo linachekedwa ndi phale. Mphepo inagwetsa mphika wa maluwa, iwo n'kuthamangira kupulumutsa mizu osaganiza za chala chawo. Anangomangapo kansanza n'kupitiriza ntchito masiku asanu, mpaka mkono wonse unayamba kutentha.

Kuofesi anawapatsa tchuthi cha odwala n'kunena kuti a Goodson, ophika a kunyumba ya manijala, ndiwo azithirira. Koma a Goodson anali ndi msana wovuta, kheni yothirira yodzaza madzi sakanatha kuinyamula. Bambo Namathanga sanafunenso kuti ofesi itumize munthu wa gulu lodulira tiyi, poti amenewo chilichonse chobiriwira amachiona ngati chofuna mpeni. Ndiye madala awiriwa anapangana mwachinsinsi kuti Lestina azilowera kachipata kakumbuyo akaweruka kusukulu. Manijala, Mayi Hazel, anali ku Lilongwe kumaphunziro a milungu iwiri.

Wa kabaza anali ataliza kale njinga yake yamoto, amayi atakumbatira chikwama, pamene bambowa anamuitana Lestina.

"Tamvera bwino, mwana wanga, usandiyang'ane ngati ndikuimba nyimbo. Uno ndi Juni. Maluwa nawo amamva kuzizira. Nthawi ino sadya kwambiri ndipo samwa kwambiri. Mumphika uliwonse wa pakhonde ndinaikamo miyala. Ukapeza mwala umodzi, uthire kamodzi pa sabata, dzuwa likadalipo, osati madzulo. Madzi ogona m'dothi lozizira amawoletsa mizu. Ukapeza miyala iwiri, uyambe wapisa chala m'dothi. Chikatuluka ndi matope, usathire. Ukapeza miyala itatu, usakhudze n'komwe. Imeneyo ili kumapeto kwa khonde, miphika khumi ndi iwiri, masamba ake ouma. Uona ngati maluwawo afa. Sanafe, akugona. Pansi pali chinthu chonga anyezi, chikudikira kutentha kwa Okutobala. Ukachipatsa madzi pano chiwola. Feteleza wa m'sitolo ya zipangizo usamuyandikire. Chiperoni chikabwera, ukokere miphika kukhoma kuti isanyowe. Kudimba lakumbuyo, mpiru uuphimbire ndi udzu wouma."

Kenako anatsitsa mawu.

"Ndipo wina aliyense asakuone. Kampani imaletsa mwana wosakwana zaka khumi zisanu ndi zitatu kugwira ntchito paesiteti. Akadziwa kuti ndakutuma, ntchito yatha, nyumba yatha."

Lestina anadikira kuti mwina za mayeso zibwera pamapeto. Njinga inanyamuka. Itafika pomwe msewu umalowa m'munda wa tiyi, bambo ake anatembenuka n'kukweza dzanja labwinolo, zala zitatu zili m'mwamba. Mtsikanayo analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko.

2. Mwana wa gadeniboyi

Mkwiyo wa Lestina sunayambe tsiku limenelo. Kusukulu kunali mtsikana wina dzina lake Emma, mwana wa kalaliki wa kufakitale, amene ankakonda kufunsa pagulu kuti kodi bambo wa imvi amakhala bwanji gadeniboyi. Anzake ankaseka. Lestina ankayankha ndi mamakisi, makamaka pa phunziro la ulimi, pomwe palibe ankamuposa m'Fomu 2 yonse. Koma akafika kunyumba n'kupeza bambo ake akudinda chala papepala chifukwa chosatha kulemba dzina lawo, manyazi ankamugwira, ndipo manyaziwo ankasanduka ukali.

Lolemba ataweruka, anadutsa m'tinjira ta m'munda. Kumtunda amuna ankadulira tiyi, mitengo itatsala ziputu zokhazokha. Mphepo yozizira inkaluma m'makutu. A Goodson anamutsegulira kachipata.

Chinthu choyamba chimene anaona chinali mpopi. Atautsegula, madzi anatuluka mwamphamvu mpaka kumunyowetsa siketi. Kukompaundi mpopi unali wouma tsiku lachitatu, ndipo m'mawa womwewo iye anali atatsika kumtsinje kawiri asanapite kusukulu. Apa panali madzi oyera, osasowa, a maluwa. Mtima wake unawawa kwambiri.

Kenako anayenda pakhonde. Miphika inalipo makumi anayi ndi isanu ndi iwiri, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono, iliyonse itakhala pakambale. Mumphika uliwonse munali timiyala toyera ta kumtsinje, kwina kamodzi, kwina tiwiri. Kumapeto kunali khumi ndi iwiri ija. Masamba ake anali ofota ngati mapesi, dothi louma gwa.

Lestina anaima pamenepo manja ali m'chiuno. Ndiye izi n'zimene zinadya dzanja la bambo ake? Izi n'zimene zinaposa mayeso ake? M'kope lake la ulimi munalembedwa bwinobwino kuti mbewu imafuna madzi, mpweya, kuwala ndi chakudya. Za miyala munalibemo. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu akakhoza mayeso awiri atatu amaganiza kuti dziko lonse linalembedwa m'kope lake, ndipo Lestina sanali wosiyana ndi anzake.

Anayamba kutola miyala ija mphika ndi mphika, akuponya mundowa.

3. Chenjezo la a Goodson

Phokoso la miyala mundowa linawatulutsa a Goodson kukhitchini, dzanja lili pamsana. Anafunsa chimene ankachita. Lestina anayankha osatembenuka kuti akuchotsa zinyalala, ndipo alemba zikwangwani zooneka bwino monga amachitira anthu ophunzira.

A Goodson anakhala pasitepe pang'onopang'ono.

"Iwe Lestina, ine ndaphika m'nyumba ino mamanijala anayi. Onse anabwera ndi mabuku awo, ndipo onse anamaliza n'kufunsa bambo ako. Miyala imeneyo si zinyalala. Ndi kalata imene bambo ako amalemba, ndipo amailemba mwatsopano nyengo ikasintha. Mvula ikayamba amachotsa ina, kuzizira kukabwera amaonjezera. Mayi Hazel, ndi madigiri awo onse, sakhudza kheni asanayang'ane miyala. Anachita kukhala pansi apa pamene ndakhala ine kuti bambo ako awaphunzitse. Ndipo miphika youmayo usaione choncho. Maluwa amenewo anachokera ku Bvumbwe, pakhomo pa mayi awo a bwana. Mayiwo anamwalira chaka chatha, nyumba inagulitsidwa, ndipo chimene bwana anatengako ndi anyezi amenewo basi. Anabwera nawo okha m'katoni, atawaika pampando wakutsogolo. Okutobala akatuluka maluwa ofiira, bwana amamwera tiyi pamenepo, osalankhula ndi munthu. Bweza miyalayo usanaiwale kuti unachotsa ingati pati."

Mwana waulemu akanabweza. Lestina ananena kuti ngati maluwawo ndi ofunika chomwecho, n'chifukwa chiyani awasiya kuti aume ndi ludzu pafupi ndi mpopi? Anaonjeza kuti a Goodson ntchito yawo ndi ya mapoto, za ulimi azisiyire amene amaziphunzira.

 A Goodson anadzuka movutikira n'kubwerera kukhitchini. Kukanena kuofesi sakanatha, chifukwa chinsinsi chinali chawo chomwe.

Lestina anakhuthula ndowa ya miyala kuseri kwa thanki ya madzi. Anang'amba katoni ya sopo n'kudula timapepala, n'kutibaya patimitengo. Pa kalikonse analemba ndi bolopeni, m'zilembo zake zokongola zimene aphunzitsi ankaziyamikira: Thirirani tsiku lililonse. Anatsegula sitolo, n'kutapa feteleza woyera uja wa chimanga, dzanja lodzaza mphika uliwonse. Miphika youma ija anaipatsa kawiri, poti ndiyo inkaoneka yanjala. Kenako anathira madzi mpaka timbale tapansi tinasefukira.

Ankafuna kuti bambo ake akabwera apeze khonde lobiriwira, adziwe kuti sukulu imene sanaifunse ija ili ndi ntchito.

4. Chiperoni

Masiku atatu oyamba zinthu zinaoneka ngati zikumuvomereza. Masamba anawala chifukwa fumbi linali litachoka. Lestina ankathirira tsiku lililonse cha m'ma faifi, dzuwa litapita, chifukwa ankayamba watsala kusukulu kuwerenga. Ankadutsa pazenera la khitchini mutu uli m'mwamba.

Lachisanu kunagwa chiperoni. Nkhungu inaphimba minda yonse moti fakitale sinkaoneka, ndipo kamvula kosalekeza kanawaza masiku anayi. Mphepo inkakankhira kamvulako mpaka pakhonde. Lestina anakumbukira kuti anauzidwa kukokera miphika kukhoma, koma miphika inali yolemera ndi madzi ndipo zala zake zinali zitauma ndi kuzizira. Anaisiya pomwepo. Mpiru wa kudimba sanauphimbire. Kuthirira kokha sanaleke, chifukwa zikwangwani zake zinkatero.

Sabata yachiwiri masamba anayamba kupsa m'mbali ngati awawaula pamoto. Ena anachita chikasu n'kugwa. Lestina anati mwina feteleza sanasungunuke bwino, ndiye anaonjezera madzi.

Lachinayi anamva fungo kumapeto kwa khonde. Linali fungo la anyezi woiwalika pansi pa thumba. Timtchentche tating'ono tinkauluka pamwamba pa miphika khumi ndi iwiri ija. Anapisa chala m'dothi kwa nthawi yoyamba. Chinalowa mosavuta, n'kutuluka ndi zinthu zoterera.

Tsiku limenelo anadutsa pazenera la khitchini akuyang'ana pansi.

5. Zala zitatu

Bambo Namathanga anatuluka m'chipatala Lachisanu m'mawa. Madokotala anali atapulumutsa dzanja, koma chala chimodzi anachidula. Sanafikire kugona. Masana, Lestina atangolowa pakachipata, anawapeza ataima pakati pa khonde, mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi.

Sanamulonjere. Anazula kachikwangwani kamodzi n'kumuuza kuti awawerengere. Lestina anawerenga ndi mawu otsika. Bambo ake anakhwinyata katoniyo m'dzanja lawo lamanzere n'kuyamba kukalipa m'Chilomwe, chimene ankachilankhula pokhapokha mtima ukafika pakhosi. A Goodson anatseka zenera.

Kenako anabwerera ku Chichewa.

"Ndinakuuza pamaso pa amayi ako. Ndinakweza zala zitatu pamsewu, anthu akundiona ngati wamisala. Unaona kapena sunaone? Ukuganiza kuti ine maluwa amenewa ndimawakonda kuposa iwe? Ine ndimadya maluwa? Yunifolomu wavalayo inachokera m'miphika imeneyi. Bolopeni imene walembera zopusazi inachokera m'miphika imeneyi. Ndimagwada pakhonde la anthu kuti iwe usadzagwade. Sindinakufunse za mayeso chifukwa za mayeso ndimadziwa kuti umazitha. Ndinakuuza zimene sukuzidziwa. Koma iwe unaona kuti munthu wosalemba dzina lake alibe choti angakuphunzitse."

Lestina anafuna kuyankha za mpopi wouma, za Emma, za chala chimene chinatsala kuchipatala chifukwa cha mphika. Zonsezo zinali zoona, ndipo mkwiyo unali ukadali m'chifuwa mwake. Koma fungo la pakhonde linali lakenso, ndipo pa limenelo analibe wina womuloza chala.

Bambo ake anamulamula kuti akhuthule miphika khumi ndi iwiri ija pasaka. Iwo anagwada n'kumafinya anyezi aliyense ndi dzanja limodzi. Woyamba anaphulika madzi akuda. Wachiwiri chimodzimodzi. Anapitiriza, akuponya owola kumbali. Pa khumi ndi awiri, awiri okha ndiwo anali olimba. Amenewo anawachotsa makoko onyowa, kuwapaka phulusa la kukhitchini, n'kuwaika pamthunzi pomwe pamapita mphepo. Anati mwina angapulumuke, mwinanso ayi.

Kenako anamuuza zochita. Mayi Hazel ankayembekezeka Loweruka. Zikwangwani zonse zizulidwe n'kutenthedwa. Miyala ibwerere m'miphika. Iwo akauza bwana kuti analakwitsa okha asanapite kuchipatala, chifukwa cha malungo a dzanja lija. Bwana akwiya, mwina awapatsa kalata yochenjeza, koma munthu wa zaka makumi awiri pantchito sachotsedwa pa kulakwa kumodzi. Chimene chingawachotse ndi chimodzi chokha, kudziwika kuti mwana anagwira ntchito pano.

"Ndiye iwe utseke pakamwa," anatero. "Wayankhula kokwanira."

Lestina anazula zikwangwani mothamanga n'kuzipereka kwa a Goodson kuti aziponye pamoto. Kenako anapita kuseri kwa thanki, n'kunjuta, n'kuyamba kutolera miyala ija pasiketi yake. Sankadziwanso kuti itatu inali pati, iwiri inali pati.

Ali pomwepo anamva galimoto ikulowa pageti lakutsogolo.

6. Kachikwangwani kotsala

Maphunziro a ku Lilongwe anali atatha msanga. Mayi Hazel anatsika galimoto, chikwama chili paphewa, n'kuyamba ndi kufunsa za dzanja. Anaoneka kuti akumva chisoni chenicheni. Kenako fungo linawapeza.

Lestina ankaona zonse kudzera pampata wa pakati pa thanki ndi khoma. Anawaona akuyenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa khonde. Anawaona akuyang'ana miphika yopanda kanthu ndi mulu wakuda uli pasaka. Chikwama chinatsetsereka paphewa n'kugwa pansi, iwo osachitola.

Bambo Namathanga anavula chipewa. Ananena zonse monga anakonzera: kuti mutu sunkayenda bwino, kuti anathira feteleza mosaganiza, kuti anawauza a Goodson zolakwika za madzi. Anapepesa kawiri. Munthu amene sanaphepo duwa m'zaka makumi awiri anaima pamenepo n'kudzipaka mlandu wa mwana wake, ndipo Lestina anamva manyazi amene sanawamvepo ngakhale pamaso pa Emma.

Mayi Hazel sanakalipe msanga. Anayenda mphika ndi mphika, akusuzumira m'kati.

"Miyala ili kuti?" anafunsa.

Bambo Namathanga anati anaichotsa kuti aitsuke.

"Mu Juni? Inu munandiuza nokha kuti mwala suchoka mumphika mpaka mvula yoyamba." Mawu awo anali atayamba kuuma. "Amenewa anali maluwa a mayi anga, Bambo Namathanga. Ndinawasiya m'manja mwanu chifukwa ndinu munthu mmodzi paesiteti pano amene simunandinamizepo. Musayambe lero."

Anawerama pamphika waukulu wa pakona, umene masamba ake aatali ankagwera pansi. Anapisa dzanja pansi pa masambawo. Potulutsa, anali atagwira kamtengo kokhala ndi kakatoni konyowa. Lestina, pothamanga paja, sanakaone.

Mayi Hazel anawerenga mawu atatu aja. Anayang'ana zilembo zozungulira bwino, zopendekera kumanja, za mwana wa sukulu. Kenako anayang'ana bambo uja amene mwezi uliwonse ankadinda chala pamaso pawo.

"Mwaphunzira liti kulemba?"

Bambo Namathanga anayang'ana pansi.  Sanacheukire kuthanki ngakhale pang'ono.

Lestina ankadziwa zimene anauzidwa. Akakhala chete, bambo ake akhala wabodza pamaso pa bwana. Akatuluka, lamulo la kampani liwapeza, ndipo nyumba ya kukompaundi ipita. Miyendo yake inali itachita dzanzi chifukwa chonjuta. Anagwira m'mphepete mwa siketi n'kuimirira, koma dzanja limodzi linaterereka.

Miyala yonse inakhuthukira pasimenti, ina n'kugubuduka mpaka pafupi ndi nsapato za Mayi Hazel.